Mafunso ndi mayankho pa za ulendo wa ku CERN kwa ophunzira a fizikisi

Chiyambire pomwe chilengezo cha CERN Summer Student Programme, pulogalamu yotenga ophunzira a m'mayunivesite kukaphunzira ndi kugwira ntchito ku CERN kwa masabata angapo, chinayamba kuzungulira pa WhatsApp, pa ofesi ya dipatimenti ya fizikisi sipakusowa mzere. Ena akufuna makalata, ena akufunsa mafomu omwe ife tilibe, ndipo ena afika potinena kuti tikubisa mwayi. Tasonkhanitsa pano mafunso amene akubwerabwera. Malamulo a pulogalamuyi ndi a CERN, si athu, choncho chilengezo cha chaka chimene mukufunsira malo ndicho muzitsatira.

Kodi CERN ndi chiyani?

Ndi malo ofufuzira tinthu ting'onoting'ono kwambiri timene timapanga zinthu zonse. Anakhazikitsidwa mu 1954 pafupi ndi Geneva, m'malire a Switzerland ndi France. Kumeneko n'kumene kuli LHC (Large Hadron Collider), makina aakulu amene ali m'ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka, momwe amagundanitsira tinthu totchedwa ma proton, ndipo mu 2012 magulu a ofufuza otchedwa ATLAS ndi CMS anapezamo kanthu katsopano kotchedwa Higgs boson.

Malawi si membala wa CERN. Tikuloledwa?

Inde. Ophunzira a dziko lililonse angathe kufunsira.

Ndili chaka chachitatu. Ndikuyenera kapena ayi?

Funso ili ndi limene labweretsa mikangano yambiri, ndipo tikupempha muwerenge modekha. CERN imafuna wophunzira wa digiri yoyamba kapena ya masitazi, osati wa PhD, wa fizikisi, masamu, makompyuta kapena uinjiniya, amene pofika nyengo yotentha ya ku Ulaya, kuyambira cha mu June, adzakhale atamaliza zaka zitatu zathunthu pa yunivesite. Mawu ofunika ndi akuti "atamaliza". Vuto lathu ndi loti chaka chathu cha maphunziro sichimayendera limodzi ndi cha ku Ulaya nthawi zonse. Wophunzira angathe kufunsira mu January ali chaka chachitatu, koma June n'kumupeza asanalembe mayeso a semesita yachisanu ndi chimodzi. Woteroyo ife sitingamulembere kuti wamaliza zaka zitatu, ngakhale akhale woyamba m'kalasi. Tingalembe zoona zokhazokha: masemesita amene wamaliza, ndi tsiku limene tikuyembekeza kuti amaliza yotsalayo. Oweruza ngati zimenezo zikukwanira ndi a CERN.

Amene muli ndi sapu yosalemba kapena munabwereza chaka, tionaneni panokha musanatumize chilichonse, chifukwa thiransikiripiti yanu imaonetsa zonsezo ndipo zolemba zanu zisatsutsane nayo. A chaka chomaliza, lamulo lakhala likunena kuti mukhale mukadali wophunzira nthawi yomwe muli kumeneko, koma amene akumaliza maphunziro m'miyezi yomweyo akhala akuloledwa. Amene munamaliza kale ndipo simunalembetse masitazi kulikonse, khomo ili si lanu. Amene anapitako kale pa pulogalamu yomweyi saloledwa kachiwiri.

Ndalama zake zikuyenda bwanji? Dipatimenti igula tikiti?

Ayi, dipatimenti sigula tikiti, ndipo ilibe thumba la zimenezi. Tikunena mosabisa chifukwa makolo ena atiimbira kale akuganiza kuti ndalama zimadzera mwa ife. Sizidzera mwa ife ngakhale tambala imodzi. Osankhidwa amakhala kumeneko masabata 8 mpaka 13, ndipo CERN imawapatsa ndalama ya tsiku ndi tsiku, yomwe m'zaka zaposachedwa yakhala cha m'ma franc a ku Switzerland 90 pa tsiku, kuphatikizapo thandizo la ulendo ndi inshuwaransi ya zaumoyo. Chiwerengerocho chimasintha, musachitenge ngati lonjezo lathu. Musafulumirenso kuchisandutsa makwacha n'kuyamba kulonjeza abale kumudzi. Geneva ndi umodzi mwa mizinda yodula kwambiri padziko lonse, ndipo malo ogona ndi chakudya zimachokera m'ndalama yomweyo. Langizo lathu ndi loti mukonzekere ngati kuti pasipoti, viza ndi zofunika za masiku oyamba mudzalipira nokha, ndipo za tikiti mufunse kwa CERN mwa kalata mukangosankhidwa. Wina aliyense wokupemphani ndalama kuti akulowetseni ndi wakuba. Kufunsira malo n'kwaulere, ndipo mumadzilembera nokha pa intaneti.

Chifukwa chiyani aphunzitsi ena akukana kulemba kalata yotichitira umboni?

Sakukana chifukwa cha kaduka monga ena akunenera. Kalata imeneyi imafuna munthu wodziwa ntchito yanu, wotha kunena momwe mumaganizira mukapatsidwa funso lovuta. Mphunzitsi amene anangokuonani m'kalasi yodzaza chaka choyamba alibe cholemba. Komanso nthawi yofunsira imatha cha kumapeto kwa January, ndiye kubwera kutatsala masiku awiri n'kumupanikiza munthu. Tikuvomereza kuti mbali yathu makalata ena akhala akuchedwa. Pemphani kutatsala mwezi wathunthu, ndipo mubwere ndi CV ndi thiransikiripiti.

Nanga bwanji tilibe digiri ya particle physics (maphunziro a tinthu ting'onoting'ono tija) kapena cosmology (maphunziro a chiyambi ndi kapangidwe ka chilengedwe)?

Zoona, tilibe, ndipo aphunzitsi a mbali zimenezi ndi ochepa m'dziko muno. Komabe ngakhale kunja, ambiri amayamba ndi digiri ya fizikisi, n'kupatukira ku mbali izi pambuyo pake. Palibe amene angamvetse ma quark, tinthu timene timapanga ma proton, asanagwire quantum mechanics, special relativity, electromagnetism, linear algebra ndi differential equations. Cosmology nayonso si kungodziwa kuti chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, kapena kuti zinthu zomwe timaziona ndi magawo asanu okha pa 100 aliwonse. Ndi kudziwa momwe manambalawo anapezekera, kuchokera ku kuwala kotsalira kwa chiyambi cha chilengedwe komwe Penzias ndi Wilson analengeza mu 1965. Zimatipweteka kuona wophunzira wokonda za Big Bang ndi mtima wonse akuthawa makosi a masamu chaka chachiwiri, chifukwa pamenepo n'pamene amadzitsekera njira.

Ndikakhala kumeneko ndizikagwira makinawo?

Ambiri ayi. M'mawa mumamvera maphunziro kwa masabata angapo, nthawi yotsalayo muli ndi gulu la ofufuza, kawirikawiri pa kompyuta. Phunzirani Python ndi C++ panopa.

Kodi dipatimenti ikuthandiza bwanji?

Tikuwerenga CV ndi kalata ya aliyense wobwera nthawi yabwino, ndipo tikulemba umboni woti ndinu wophunzira wathu.

Mayeso akagundana ndi ulendo, musuntha?

Dipatimenti ilibe mphamvu yosuntha mayeso. Mumalemba kalata kudzera kwa mkulu wa dipatimenti, ife n'kuikira kumbuyo, koma ovomereza ndi akuluakulu a yunivesite. Musanyamuke musanalandire yankho lolembedwa.

Ndikapanda kusankhidwa?

Ofunsira ndi ochuluka kwambiri kuposa malo, choncho ambiri sasankhidwa, ngakhale okhoza bwino. Pali African School of Fundamental Physics and Applications, yomwe inayamba mu 2010 ku Stellenbosch ndipo imachitika zaka ziwiri zilizonse m'maiko osiyanasiyana a mu Africa. Mukamaliza digiri, pali AIMS, sukulu ya sayansi ya masamu ya mu Africa, yomwe inayambira ku Muizenberg, South Africa, mu 2003, komanso dipuloma ya chaka chimodzi ya ICTP, malo ofufuzira za fizikisi ku Trieste, Italy, ya ophunzira a maiko osauka, yomwe ili ndi gawo la high energy physics ndi cosmology. Okonda zakuthambo yang'ananinso NASSP, pulogalamu ya maphunziro a zakuthambo ku South Africa, dziko limene kuli MeerKAT, telesikopu ya wailesi ya mbale 64, ku Karoo. Malo onsewa adzafuna makalata ndi thiransikiripiti yomweyo, ndiye amene mukufuna kuyesa malo angapo mutiuze pamodzi pobwera koyamba.