Tsiku lomwe Radio Sweden inasiya kumveka pa shortwave

Kumapeto kwa Okutobala 2010, makina oulutsira mawu a ku Hörby, kum'mwera kwa dziko la Sweden, anazimitsidwa. Omvera akutali omwe anazolowera kutchera Radio Sweden pa shortwave anangopeza phokoso lokhalokha pomwe mawu ankatulukira. Makina a ku Sölvesborg, omwe usiku ankamveka m'madera ambiri a ku Ulaya pa 1179 kHz, nawonso anatsekedwa nthawi yomweyo.

Wailesiyi inayamba mu 1938, ikulankhula Chiswidishi kwa eni dziko okhala kunja, monga amalinyero ndi amishonale osowa nkhani zakumudzi. Chingerezi chinalowa mu 1939, chaka chomwe nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inabuka. Dziko la Sweden silinamenye nawo nkhondoyo, choncho mawu ochokera ku Stockholm ankamveka ngati a munthu woima pambali. Kunabweranso Chijeremani, Chifalansa, Chisipanishi, Chirasha ndi zina.

Koma chomwe chinaimangira mudzi wa omvera ndi pulogalamu ya Sweden Calling DXers, yomwe Arne Skoog anayambitsa mu 1948. Ma DXer ndi anthu okonda kusaka mawailesi akutali, ena mpaka kuchezera usiku wonse. Munthu ankamangirira waya wautali kumtengo, kulumikiza ku eriyo, n'kumapotokola kabatani pang'onopang'ono khutu lili pasipika. Mawu a shortwave amagunda kumtunda kwa mlengalenga n'kubwerera pansi kutali kwambiri, n'chifukwa chake amabwera n'kumazilala ngati mafunde, ndipo malo omveka masana sakhala omwewo usiku. Munthu akaigwira wailesi yomwe akusaka, ankalemba tsiku, ola, nambala ya pomwe waipeza, mphamvu ya mawu ndi zomwe wamva, n'kuponya kalata ku Stockholm. Yankho linali khadi lotchedwa QSL, umboni woti anamvadi. Ena ankasunga makhadiwa ngati masatifiketi a sukulu. Skoog ankasonkhanitsa zomwe omvera amulembera zokhudza mawailesi a maiko ena n'kuziulutsa kwa onse, ndipo mu 1978 ntchitoyi inapita m'manja mwa George Wood.

Chifukwa chotsekera sichinali chobisika: makina amphamvu chotero amadya magetsi ndi ndalama zambiri, pomwe omvera ambiri anali atasamukira pa intaneti. Kwa munthu wa ku London kapena ku Berlin zinali zomveka. Kwa yemwe ankangodalira mabatire awiri, n'kuuzidwa kuti tsopano azigula bandulo, kunali kutsanzikana basi.

Dzina la Radio Sweden silinafe, koma wailesiyo inatembenuka n'kuyang'ana m'nyumba. Inayamba kutumikira makamaka alendo okhala m'dzikomo, m'zilankhulo monga Chiarabu, Chisomali, Chingerezi ndi Chiswidishi chosavuta cha ongophunzira kumene. Wakunja wofuna kumva lero amatsegula tsamba la Sveriges Radio, wailesi ya dziko la Sweden, kapena kukopera podikasiti pafoni.