Zomwe adokotala alemba m'buku lanu zokhudza bondo

Odwala ambiri a maondo kuno ku Zomba amatuluka m'chipinda cha dokotala ndi buku lawo la kuchipatala litalembedwa mawu a Chingerezi omwe sawamvetsa. Akafika kunyumba, mwana wa sukulu amawerenga n'kunena kuti "ndi nyamakazi" kapena "ndi mtsempha". Ine monga wogwira ntchito yothandiza anthu a mavuto a mafupa ndi minofu, zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa mawu awiriwa amabisa matenda osiyana, ofuna chithandizo chosiyananso.

Bondo ndilo knee, ndipo joint ndi malo alionse okumana mafupa, kaya pa chigongono, pa phewa kapena pa kakolo. Pa bondo pamakumana mafupa 3: femur la m'ntchafu, tibia la m'munsi mwa bondo, ndi patella, kafupa kakutsogolo kaja kamasuntha mukakagwira mwendo uli wowongoka. Mukaona Rt ndiye kuti ndi mwendo wamanja, Lt wamanzere, bilateral yonse iwiri.

Pa "mtsempha" ndi pomwe pali chisokonezo chachikulu. Ife timatcha mtsempha njira ya magazi, timatchanso mtsempha chomwe chimatipangitsa kumva kuwawa kapena dzanzi. Koma pa bondo dokotala kawirikawiri amakhala akunena ligament kapena tendon. Ligament imamanga fupa ku fupa linzake kuti bondo lisagwedere, pomwe tendon imalumikiza mnofu ku fupa kuti mwendo uziyenda. Mnyamata wosewera mpira ku Chinamwali akapotokola bondo, n'kumva kuti "thu!" mkati, bondo n'kutupa pasanathe maola ochepa, nthawi zambiri imakhala ACL, imodzi mwa ma ligament akuluakulu 4 a bondo. Apa m'pofunika kudziwa kuti X-ray imaonetsa mafupa, ligament siioneka. Choncho akakuuzani kuti chithunzi chili bwino, sizikutanthauza kuti bondo lili bwino. Ambiri amabwerera msanga m'bwalo chifukwa cha mawu amenewa, bondo n'kumangopindika lokha chaka ndi chaka.

Sprain ndi kubinya kwa ligament, strain ndi kukokeka kwa mnofu kapena tendon. Fracture ndi kuthyoka kwa fupa, ngakhale litangong'aluka pang'ono, ndipo ena amangolemba chizindikiro cha #. Dislocation ndi kuguluka kwa fupa pa malo pake.

Tsono nyamakazi. Mawu akuti arthritis amangotanthauza kutupa ndi kuwawa kwa joint, ndipo mawu otsagana nawo ndiwo amanena nkhani yeniyeni. Osteoarthritis, yomwe amailemba mwachidule OA, ndi kuperepeseka kwa cartilage, choyera choterera chija mumachiona kunsonga kwa fupa la nkhuku. Imakonda achikulire, onenepa, ndi omwe anavulalapo bondo kale. Amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni m'phiri la Zomba amaidziwa bwino, poti kutsetsereka n'komwe kumapweteka kwambiri. Cartilage yotha siibwerera, koma kulimbitsa minofu ya m'ntchafu, kuchepetsa thupi ndi kuyendera ndodo kumachepetsadi ululu. Kungokhala pansi kumaumitsa bondo.

Rheumatoid arthritis ndi ina: chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwe, imakonda kuyambira m'zala za manja onse awiri, ndipo m'mawa zimauma kwa nthawi yaitali. Imafuna mankhwala ake apadera, Panado yekha sakwanira. Gout imabwera chifukwa cha kuchuluka m'magazi kwa uric acid, chinthu china chomwe thupi limayenera kutaya kudzera mu mkodzo, ndipo imakonda kugwira chala chachikulu cha kuphazi modzidzimutsa usiku.

Koma yomwe ndikupemphani muisamale kwambiri ndi septic arthritis, pomwe tizilombo talowa m'kati mwa bondo n'kupanga mafinya. Bondo limatentha, limatupa, munthu amatentha thupi, ndipo mwana amakaniratu kuponda pansi. Iyi si yodikira kuti kuche kawiri, si yosisita ndi mafuta, ndipo kutemera mphini kumangowonjezera tizilombo. Cartilage imatha kuwonongeka m'masiku ochepa okha. Thamangirani ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chomwe muli nacho pafupi tsiku lomwelo, kuti akachotse mafinyawo ndi kuyamba mankhwala opha tizilombo.