Kubanika si ukalamba, kayezetseni mapapo

Odwala ambiri amene amafika kuchipatala mochedwa amanena mawu amodzimodzi: "Ndimayesa ndi ukalamba." Munthu wakhala akutsokomola makhololo m'mawa uliwonse kwa zaka, kachitunda kamene kale ankakwera akucheza tsopano amapumulira pakati, koma iye ndi abale ake anangogwirizana kuti wakula. Ayi ndithu. Kukalamba sikutseka mpweya.

Matenda amene tikunena pano madokotala amawatchula kuti COPD. Njira za mpweya m'mapapo zimatupa n'kuchepa, timatumba ta mpweya timawonongeka, ndipo mpweya umavuta kutuluka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2021 matendawa anapha anthu 3.5 miliyoni. Pa maliro 100 alionse padziko lapansi, pafupifupi 5 anali a COPD, ndipo m'chaka chimenecho anali achinayi pa matenda opha anthu ambiri. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti mwa omwalira asanafike zaka 70, pafupifupi 90 pa 100 alionse ndi a m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono. Amenewatu si nkhalamba. Ndi anthu amene mabanja amawadalira.

Zoyambitsa zake n'zodziwika: kusuta fodya kapena kukhala mu utsi wa osuta, utsi wa nkhuni ndi makala m'nyumba yopanda potulukira mpweya, fumbi ndi mankhwala a kuntchito, mpweya woipa wa m'mizinda, mphumu ya paubwana. M'mayiko olemera fodya ndiye amayambitsa matendawa mwa odwala oposa 70 pa 100. M'mayiko osauka fodya amayambitsa matendawa mwa odwala 30 mpaka 40 pa 100 basi, kotero mayi amene sanagwirepo ndudu koma waphika mu utsi moyo wake wonse asadzione ngati wotetezeka.

Tibwerere ku nkhani ya kuchedwa kupita kuchipatala ija, chifukwa ndiyo ikutidetsa nkhawa. Matendawa amabwera mwakachetechete. Munthu akayamba kubanika amangochepetsa ntchito, amasiya kuyenda mtunda, amakhala pansi, ndiye amaona ngati zili bwino. Mapapo akuwonongekabe. Mbali imene yawonongeka sibwereranso, ndipo COPD ilibe mankhwala ochiziratu. Chaka chilichonse chimene mukudikira mukutaya mpweya umene tikanakusungirani.

Pomwe mukabwera msanga, thandizo lilipo. Pali kuyeza kotchedwa spirometry: mumauzira mwamphamvu m'kachipangizo, osabayidwa, osamva kuwawa. Azaumoyo adzaonanso ngati si TB kapena vuto la mtima, poti zizindikiro zimafanana. Pali mankhwala opopera m'kamwa otsegula njira za mpweya, katemera wa chibayo ndi chimfine, ndi masewera olimbitsa thupi ophunzitsidwa ndi azaumoyo. Wosuta asiye lero, ngakhale atasuta zaka 40. Kusiya kumachedwetsa kuwonongeka kwa mapapo kuposa mankhwala alionse.

Chonde musamangogula mankhwala a chifuwa mwezi ndi mwezi. Ana, mukamva bambo kapena mayi anu akulira m'chifuwa popuma, musanene kuti akula, aperekezeni kuchipatala sabata ino. Ndipo ngati kubanika kwakula mwadzidzidzi, makhololo achuluka kapena asintha mtundu, milomo yada, kapena wodwala akulephera kumaliza mawu chifukwa cha phuma, musadikire kuti kuche. Nyamukani nthawi yomweyo.