Otsala ku Harare Chitaganya chitagawidwa

Pa maliro a kwathu kuno ku Mufakose, moto wa abambo ukangoyaka panja, amayi atayamba nyimbo m'nyumba ya siwa, sipatenga nthawi nkhani ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland isanatuluke. Imayambira pa funso lakuti malemu akaikidwa kuti. Wina amati kwawo ndi ku Dedza. Wina amayankha kuti ku Dedzako anachokako ndi bambo ake a malemu akadali mnyamata, ndipo lero palibe amene angakulozereni ngakhale bwinja la mudziwo. Apa m'pamene akuluakulu amagawikana. "Achimwene, Kamuzu anatitaya ife," amatero mmodzi. Mnzake amapukusa mutu: "Iyayi akulu, akanapanda kuphwanya chinthu chija, bwenzi Malawi yense ali munda wa Smith." Achinyamata, omwe Chichewa chawo chadzaza Chishona, amangosonkhezera moto osadziwa kuti mkanganowu ndi wa chikalata chomwe chili m'thumba mwawo.

Anthu athu sanabwere ndi Chitaganya. Njira inali itapondedwa kale. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama zomwe kumudzi kunalibe, ndipo m'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu munali thangata. Mwamuna ankamanga kamba, nkuyenda wapansi kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, mpaka kutulukira ku Mtoko. Ena ankatengedwa ndi mabungwe olemba anthu ntchito, omwe makolo athu ankawatcha Chibalo ndi Mthandizi, ena ankakwera malole a Ulere. Ankathera m'migodi ya Shamva ndi Wankie, m'minda ya fodya, kunjanji, kapena m'makhichini a azungu mu Salisbury, yomwe lero ndi Harare. Kamuzu Banda yemwe, pa ulendo wake wapansi wopita ku South Africa ali mnyamata, anayamba waima ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu, nagwira ntchito pa chipatala. Pofika 1912 a Nyasa anali atachuluka moti mishoni ya Dutch Reformed ya kwathu inatumiza mbusa T.C.B. Vlok kuti adzawasonkhanitse, ndipo apo ndi pamene panaphukira Sinodi ya Harare ya CCAP. Mu 1927 anthu a ku Nyasaland ndi amene anatsogolera sitalaka ya pa mgodi wa Shamva. Kumudzi, amene wapita ku "Halale" osabwerako ankamutcha mtchona.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953, likulu lake lili konkuno. Mafumu a ku Nyasaland ndi chipani cha Nyasaland African Congress anachikana chisanabadwe. Ankadziwa bwino za Southern Rhodesia chifukwa ana awo ankakhala kumeneko: malamulo a ziphaso, malo abwino ogawiridwa azungu, munthu wakuda wogona m'mahositelo a amuna okhaokha monga Matapi. Nduna yaikulu yoyamba, Godfrey Huggins, imakumbukiridwa ndi fanizo lake lakuti ubale wa mzungu ndi munthu wakuda ndi wa wokwera ndi kavalo wake. Palibe amene anafunsa kuti kavalo ndani.

Komabe pali chinthu chimodzi chomwe mkulu wodandaula uja amanena zoona. Kwa zaka khumi zimenezo, wophika wa ku Ntcheu wokhala m'lokeshoni ya Harari, yomwe lero ndi Mbare, anali m'dziko limodzi ndi mudzi wake. Ndalama inali imodzi, positi inali imodzi. Lamulo la 1958 lomwe linatsekera anthu akunja ntchito za m'matauni a Southern Rhodesia linkanena za ochokera kunja kwa Chitaganya, makamaka a ku Mozambique. M'Nyasa linamulambalala. Ankanyozedwa, inde, ankatchedwa mubhurandaya ngati kuti tonse ndife a ku Blantyre, koma pamaso pa lamulo sanali mlendo.

Nkhani ya chuma ndiyo imavuta kuidula, ndipo ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zimabisa china. Ndalama zambiri za boma la Chitaganya zinkachokera ku mkuwa wa ku Northern Rhodesia. Zambiri mwa izo zinkathera kum'mwera. Mu Salisbury munamera nyumba zosanja, mafakitale a kuno ndi a ku Bulawayo anapeza msika wotetezedwa ndi misonkho ya pa katundu wakunja, ndipo sukulu ya ukachenjede ya maiko atatu onsewa inamangidwa ku Mount Pleasant, yomwe lero ndi University of Zimbabwe. Damu la Kariba linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, magetsi ake nkupita ku migodi ya mkuwa ndi ku mafakitale a Southern Rhodesia. Mtsinje wa Shire unangodikira. Magetsi a pa Nkula anayaka mu 1966, Chitaganya chitatha kale. Komano Nyasaland inkalandira kuthumba la Chitaganya ndalama zoposa zomwe inkaponyamo, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatsegulidwa m'nyengo yomweyo. Roy Welensky, amene analowa m'malo mwa Huggins mu 1956, ankakonda kuwerengera anthu zimenezi. Chomwe sankawerengera n'chakuti dziko lolandira thandizolo ndi lomwe linkapereka minofu. Mnyamata ankaleredwa ndi amayi ake ku Ntchisi, mphamvu zake nkuthera m'munda wa fodya wa ku Mazowe, ndipo akakalamba kapena kudwala chifuwa cha kumgodi ankabwezedwa kwa amayi omwewo. Bulangeti lomwe ankagula ndi malipiro ake linali la fakitale ya ku Rhodesia.

Chodabwitsa, chomwe achinyamata a pamoto paja sachidziwa, n'chakuti a Nyasa a mu Salisbury anali patsogolo pomenya Chitaganya chomwe chinkawapatsa kamthunzi. Dunduzu Chisiza, mnyamata wa ku Karonga, anali mmodzi wa oyambitsa City Youth League mu 1955 pamodzi ndi James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole, ndipo boma linamupitikitsa mu 1956. Congress inali ndi nthambi yake konkuno, ophika ndi osesa m'misewu nkumasonkha makobidi awo. Kamuzu atabwerera kwawo pa 6 Julayi 1958, kumapeto kwa chaka chomwecho anadzalankhula ku Highfield, ndipo pambuyo pake boma la Southern Rhodesia linamuletsa kupondanso m'dzikomo. Anabwereranso ndithu, koma ali m'manja mwa apolisi. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa wa Nyasaland analengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti, asilikali anawombera anthu pa doko la Nkhata Bay, ndipo Kamuzu anakatsekeredwa m'ndende ya Gwelo mpaka Epulo 1960. Ena ambiri anatsekeredwa ku Khami pafupi ndi Bulawayo. Bungwe lofufuza la Devlin linapeza kuti anthu akuda 51 anaphedwa, nkunena kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Malawi Congress Party inapambana chisankho cha 1961. Mu Disembala 1962 nduna ya Britain, R.A. Butler, inavomera kuti Nyasaland ituluke. Pakati pa chaka cha 1963 atsogoleri anakumana ku Victoria Falls kuti agawane katundu, ndipo pa 31 Disembala 1963 chomwe Kamuzu ankachitcha Chitaganya chopusa chinafa.

Pa kugawana paja nkhani zazikulu zinali ngongole, asilikali, ogwira ntchito m'boma, njanji ndi magetsi. Ndege za nkhondo zambiri zinatsala m'manja mwa Southern Rhodesia, ndipo nduna yake yaikulu Ian Smith inadzazigwiritsa ntchito italengeza ufulu wake wa mokakamiza pa 11 Novembala 1965. Kariba inatsala ya Zambia ndi Rhodesia. Kampani ya ndege ya Central African Airways inakhalapo mpaka 1967, Air Malawi nkubadwira m'mimba mwake. Wokumba malasha ku Wankie ndi wochapa zovala ku Avondale analibe mpando pa tebulo limenelo. Mu 2016 Britain itavota, 52 pa 100 alionse akufuna kutuluka mu European Union, nkhani ya anthu a ku Ulaya okhala ku Britain inali imodzi mwa zitatu zoyamba kukambidwa, pamodzi ndi ndalama ndi malire a ku Ireland. Agogo ena a kumpingo kwathu atamva izi pa wailesi anangoseka nkunena kuti kodi azungu aja amadziwa kuti pogawana nyumba mumakhala anthu?

Malawi inalandira ufulu pa 6 Julayi 1964 thumba lili lobooka. Britain inakhala ikuthandizira bajeti kwa zaka zingapo. Kamuzu, amene anaphwanya Chitaganya, anapitiriza malonda ndi Rhodesia ya Smith, ndipo mu 1967 anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa ya tsankho, yomwe inadzakongoza ndalama zomangira likulu ku Lilongwe. Amuna anapitiriza kutuluka, tsopano ambiri pa ndege za Wenela kupita ku migodi ya Joni, mpaka mu Epulo 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown nkupha a Malawi oposa 70, Kamuzu nkuimitsa ulendowo. Choncho mbendera inasintha koma ntchito ya dziko lathu pa chuma cha kum'mwera inatsala yomweija. Ine ndimavomerezabe mkulu wachiwiri uja. Dziko lomwe likanatsala pansi pa Salisbury mu 1965 likanalowa m'nkhondo ya Smith ngati nkhokwe ya antchito yopanda mawu. Kutuluka kunali koyenera, kungoti ngongole yake inagwera anthu omwe sanafunsidwe.

Otsala kuno anadzuka ali alendo. Mthunzi wa lamulo la 1958 unachoka, ndipo obwera kumene ankalozeredwa ku mafamu ndi ku migodi. Ambiri anali atakwatira kuno, ana atabadwira ku Mabvuku, Rugare ndi Dzivarasekwa. Mu 1980 anavota nawo, kusangalala nawo, ndipo mu 1982 anaona dzina la lokeshoni yawo likupatsidwa mzinda wonse. Koma Zimbabwe inaletsa unzika wa maiko awiri m'zaka zoyambirira za ufulu, pamene Malawi nayo sinkaulola kwa akuluakulu.

Chikwanje chenicheni chinagwa mu 2001. Lamulo la unzika linasinthidwa kuti aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina autaye motsata malamulo a dziko linalo pasanathe miyezi 6, apo ayi wa Zimbabwe uthe. Ofesi ya kalembera, pansi pa Tobaiwa Mudede, inalimasulira kuti likukhudza ngakhale amene angathe kungoupempha unzika winawo chifukwa cha kholo. Munthu wobadwira ku Mbare, amene Malawi amangomuona pa mapu, anauzidwa kuti akataye chinthu chomwe sanachigwirepo. Chisankho cha pulezidenti cha 2002 chinali pakhomo, ndipo anthu a m'mafamu ndi m'malokeshoni ankaganiziridwa kuti ndi a chipani chotsutsa cha MDC. Pa zitupa zawo panali mawu akuti "alien". M'nyengo yomweyo Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, kutanthauza opanda mfunda. Anauza zimenezi a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Nkhoma, anthu omwe pa maliro salephera kutchulana ziwongo.

Mafamu atalandidwa kuyambira 2000, antchito ake anataya ntchito ndi pogona pomwe, chifukwa komboni ndiyo inali mudzi wawo. Mu 2005 ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina inagumula zisakasa m'matauni, lipoti la United Nations nkunena kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera chakudya. Ogumuliridwawo ankauzidwa kuti abwerere kumusha. Mshona anali nako kolowera, ngakhale kowawa. Mdzukulu wa mtchona analibe.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zambiri. Gawo 43 likuti wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanasindikizidwe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndi nzika mwa kubadwa ngati ankakhala m'dzikomo. Chichewa chinalowa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Mu 2017 khoti lalikulu linalamula kuti anthu otere aloledwe kulembetsa m'kaundula wa mavoti, ndipo mu 2018 Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi inavomereza unzika wa maiko awiri. Benjani Mwaruwari, wa magazi a ku Malawi, anali atavala kale lamba wa kaputeni wa Warriors, timu ya mpira ya Zimbabwe, dziko lonse likumuombera m'manja. Komabe kusintha chitupa kumafuna setifiketi ya kubadwa, ndipo setifiketiyo imafuna mapepala a kholo lomwe mwina linaoloka Zambezi pa bwato popanda pepala lililonse. Mwana wa wopanda chitupa nayenso amavutika kulembetsa mayeso.

Pamoto paja mkangano umazirala tambala akayamba kulira. Sosaite ya maliro imawerenga zomwe yasonkha, nkupeza kuti sizingafikitse malemu ngakhale pa chipata cha Nyamapanda, m'malire a Zimbabwe ndi Mozambique. Malemu amakaikidwa ku Granville, komwe anthu amati ku Mbudzi. Nyimbo za kumanda zimakhala za m'Chichewa, ndipo adzukulu amavomereza m'Chishona.