Chikwanje cha asilikali ku Burma sichinali chodulira mitu

Anthu ambiri akamva za asilikali a King's African Rifles omwe anakamenya nkhondo ku Burma (dziko lomwe masiku ano limatchedwa Myanmar) pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, amaganiza kuti zikwanje zomwe ankamangirira m'chiuno zinali zokhapira adani. Maganizo amenewa amandipweteka, chifukwa amaphimba mavuto enieni omwe agogo athu a ku Nyasaland anakumana nawo.

Polimbana ndi asilikali a ku Japan ankadalira mfuti za Lee-Enfield ndi Bren komanso mabomba oponya ndi manja. Chikwanje chinali cha ntchito. Mu 1944, gulu la 11th East African Division, momwe munalinso asilikali a King's African Rifles, linadutsa m'chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake, kulowera ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. M'nkhalango yowirira ngati imeneyo, popanda kulambula njira sipayendeka. Nsungwi zinali paliponse, ndipo msilikali ankazidula n'kumanga msasa, thandala logonapo kuti msana usakhudze matope, ngakhale machira onyamulira mnzake wodwala. Mfundo ya nsungwi yaiwisi nthawi zina imasunga madzi akumwa, ungoiboola ndi nsonga ya chikwanje. Nawonso a Gurkha, asilikali ochokera ku Nepal, ankawazira nkhuni ndi mpeni wawo wokhota wotchedwa kukri, ngakhale unkagwiranso ntchito adani akayandikana kwambiri.

Chomwe chinkagwetsa anthu ambiri ndi matenda. Mkulu wa asilikali wa ku Britain William Slim anawerengera kuti mu 1943, pa wovulala mmodzi aliyense, odwala 120 ankachotsedwa kunkhondo. Malungo, kamwazi, zilonda za misundu. N'chifukwa chake anakhwimitsa lamulo loti aliyense azimwa mepacrine tsiku ndi tsiku, mapiritsi owawa oteteza ku malungo omwe ankachititsa khungu kuoneka lachikasu.