Mkaka wa soya: ngozi yaikulu imayamba mphika ukachoka pamoto

Mkaka wa soya munthu atha kuupanga ndi zida zochepa kwambiri: kachigayo, mphika, nsalu yosefera ndi mabotolo. N'chifukwa chake magulu ang'onoang'ono ndi mabanja ambiri amaupanga kuti agulitse. Koma zimene zimauchititsa kukhala wopatsa thanzi ndi zomwezonso zimauwononga msanga. Mbali yaikulu ya mkakawu ndi madzi, uli ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 3 pa magalamu 100 alionse, ndipo si wowawasa, kotero mabakiteriya amaswana mmenemo mosavuta monga achitira mu mkaka wa ng'ombe. Pamalo ofunda, bakiteriya mmodzi atha kukhala awiri pa mphindi 20 zilizonse, ndipo pakatha maola 7 amakhala ataposa 2 miliyoni.

Opanga ambiri amakhulupirira kuti mkaka ukangowira ndiye kuti za ukhondo zatha. Maganizo amenewa ndi amene amadwalitsa anthu. Zolakwa zambiri zochitika mkaka usanaphikidwe moto umazikonza, koma chilichonse cholowa mumkaka utaphikidwa kale chimafika m'mimba mwa wakumwa chili chamoyo.

Zilipo zinthu ziwiri zimene moto sungakonze ngakhale zitachitika poyambirira. Choyamba ndi soya wochita chuku, chifukwa mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni amene sawonongeka powiritsa. Soya ayenera kuumitsidwa mpaka chinyezi chake chitsike kufika pa 13 peresenti kapena kucheperapo, ndipo njere zakuda, zonunkha chinyontho kapena zofumbwa zichotsedwe. Chachiwiri ndi soya wa mbewu wopakidwa mankhwala, amene kawirikawiri amakhala ndi utoto. Ameneyu ngwobzala basi, ndipo kumutsuka sikumusandutsa chakudya. Pankhani yonyika, maola 8 mpaka 12 amakwana, ndipo nyengo yotentha nthawiyo ifupikitsidwe. Madzi onyikira akayamba kuchita thovu ndi kununkha, ndiye kuti soya wayamba kusasa. Madziwo atayidwe nthawi zonse, soya atsukidwenso asanalowe m'chigayo.

Kuwiritsa kwenikweniko kuli ndi msampha wake. Soya ali ndi zinthu zachilengedwe zotchedwa saponini zimene zimachita thovu, ndipo mkaka ukafika pafupifupi madigiri 80 a Celsius thovulo limakwera mwamphamvu mpaka kufuna kusefukira. Munthu wosadziwa amaona ngati mkaka wawira, amauphula, chonsecho sunafike pa madigiri 100. Vuto lake n'lakuti soya wosapsa ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni, ndipo mkaka wophulidwa msanga umayambitsa nseru, kusanza ndi kutsekula m'mimba ngakhale mutakhala mulibe bakiteriya ndi mmodzi yemwe. Thovu likakwera, moto uchepetsedwe, mkaka utakasidwe mpaka thovu litsike, kenako uwire ndithu kwa mphindi zosachepera 20 ukutakasidwa kuti usapserere pansi. Chipangizo choyezera kutentha ndi chimodzi mwa zida zotsika mtengo pantchito yonseyi, komabe n'chimene opanga ambiri amachiona ngati chosafunika.

Tsopano tione nsalu yosefera. Pali opanga amene amawiritsa phala lonse la soya wogaya n'kusefa pambuyo pake, ndipo alipo ena amene amayamba asefa n'kuwiritsa mkaka wokhawokha. Njira yoyamba imatulutsa mkaka wochuluka, koma imadutsitsa mkaka wophika kale m'nsalu ndi m'manja mwa wofinya. Nsalu imene inangotsukuluzidwa dzulo n'kusiyidwa yonyowa usiku wonse imakhala yodzaza mabakiteriya, chifukwa mapuloteni amakakamira m'ulusi mwake. Amene amasefa ataphika ayenera kubwezera mkakawo pamoto kuti uwirenso, ndipo nsalu izichapidwa ndi sopo, kuwiritsidwa ndi kuyanikidwa mpaka iume gwa. N'kwanzeru kukhala ndi nsalu zingapo zosinthanitsa.

Cholakwa china chofala, chimene wopanga sachiona n'komwe ngati cholakwa, ndi kusungunula mkaka wophika ndi madzi ozizira ukaoneka wokandapala, kapena pofuna kuti uzizire msanga. Madzi osawiritsa atha kubweretsa mabakiteriya odwalitsa monga E. coli, Salmonella ngakhalenso tizilombo ta kolera mu mkaka umene unali wabwinobwino. Madzi onse, shuga ndi mchere zilowe mumphika mkaka usanaphulidwe.

Manja nawonso ali ndi mlandu wake. Bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus amakhala pakhungu, m'mphuno ndi m'zilonda za anthu ambiri amene sakudwala n'komwe, ndipo akalowa mumkaka wofunda amatulutsa poizoni amene kuwiritsanso sikumuwononga. Wogwira ntchito amene ali ndi bala pachala, amene akutsekula m'mimba kapena kusanza asayandikire mkaka. Pagulu laling'ono lamuloli limavuta kulisunga, chifukwa munthu mmodzi akajomba ntchito imaima ndipo iye amataya ndalama za tsikulo, motero ambiri amabisa matenda. Gulu limene likufuna kuti anthu ake azinena zoona liyenera kugwirizana pasadakhale kuti wodwala sadzadulidwa gawo lake.

Pamene ndimafuna kuti opanga aikepo mtima kwambiri ndi pa kuziziritsa, chifukwa apa ngakhale munthu waukhondo amagwa. M'dothi muli bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, amene amabwera pamodzi ndi soya kuchokera kumunda. Zinthu zikamuipira amadzikuta m'chikopa cholimba n'kugona, ndipo madzi owira samupha. Mkaka ukayamba kuzizira amadzuka, n'kupeza kuti mabakiteriya ena ambiri olimbirana naye chakudya afa ndi moto. Pakati pa madigiri 60 ndi madigiri 5 ndi pamene mabakiteriya amaswana, ndipo chidebe cha malita 20 chosiyidwa kuti chizizire chokha chimakhala chofunda pakati pake kwa maola ambiri. Poizoni wina wa bakiteriyayu, amene amasanzitsa, sawonongeka ngakhale mkakawo utawiritsidwanso. Choncho mkaka wogona kunja kwa firiji suchira poubwezera pamoto m'mawa. Langizo la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO n'lakuti chakudya chophika chisakhale pamalo wamba kupitirira maola 2. Njira yake ndi kugawa mkaka m'mabotolo kapena m'ziwiya zing'onozing'ono zotseka, kuzimiza m'madzi ozizira osinthidwa pafupipafupi, n'kuziika m'firiji pa madigiri 5 kapena kutsikirapo. Kulowetsa chidebe chotentha chonse m'firiji sikuthandiza, chifukwa kumatenthetsa firijiyo ndipo mkaka wa pakati sufulumira kuzizira.

Kuthira mkaka m'botolo ukadali wotentha kuposa madigiri 80 n'kutseka nthawi yomweyo kumateteza kwambiri, popeza kutenthako kumapha tizilombo totsalira m'botolo ndi pachitsekerero. Koma izi zimafuna mabotolo agalasi kapena apulasitiki opirira kutentha. Mabotolo opyapyala a madzi akumwa amakwinyika. Mabotolo otoleza ndi osadalirika, chifukwa palibe adziwa chimene chinasungidwamo. Ngakhale zonse zitayenda bwino, mkaka wophikidwa mumphika umangokhala masiku ochepa m'firiji. Umene umakhala miyezi pashelefu m'masitolo unatenthedwa pa madigiri 135 kapena kuposerapo kwa masekondi ochepa n'kupakidwa ndi makina m'mapaketi opanda tizilombo, ndipo wopanga wamng'ono asayerekeze kulemba nthawi yaitali chotero pa botolo lake. Kununkhiza ndi kulawa si muyeso: mkaka wosasa umadziulula wokha, koma wokhala ndi poizoni wa mabakiteriya utha kukoma bwinobwino.

Chigayo chiyenera kumasulidwa ndi kutsukidwa ntchito ikangotha, pakuti zotsalira za soya zikauma m'makona mwake madzi okha sazichotsa. Sopo ayambe, klorini atsatire pa mlingo wolembedwa pa botolo lake, chifukwa klorini wothiridwa pa chiwiya chamafuta ndi zinyenyeswa amatha mphamvu. Zotsalira m'nsalu mukasefa, zimene ena amazitcha okara, ndi chakudya chabwino koma zimasasa m'maola ochepa ndipo zimaitana ntchentche, motero zichoke m'chipinda chopangira mkaka nthawi yomweyo.

Kusamala konseku kumakula chifukwa cha amene amamwa mkakawu. Kawirikawiri umaperekedwa kwa ana, amayi oyembekezera ndi odwala, anthu amene matupi awo salimba ku matenda. Malinga ndi chiwerengero chimene WHO inatulutsa mu 2015, anthu 600 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha chakudya choipa, 420,000 amamwalira, ndipo 125,000 mwa iwo ndi ana osakwana zaka 5. Wogulitsa ayenera kunena mosabisa kuti mkaka wa soya wopangidwa motere sulowa m'malo mwa mkaka wa m'mawere kwa khanda, ndiponso kuti pali anthu ena amene matupi awo sagwirizana ndi soya. Botolo lililonse lilembedwe tsiku lopangira, tsiku lomaliza kumwa ndi mawu akuti lisungidwe m'firiji. M'kabuku ka pantchito mulembedwe nthawi imene mphika uliwonse unayamba kuwira, unaphulidwa ndi kulowa m'firiji, kuti wogula akadandaula zidziwike kuti ndi mabotolo ati ayenera kubwezedwa ndi pamene panalakwika.