Mthunzi wa kabichi si wakuda

Pa akatswiri ojambula a ku France otchedwa ma Impressionist, Camille Pissarro ndiye ankakonda dimba kuposa anzake. Ena akujambula mabwato ndi madansi a mu Paris, iye ankakhala ku Pontoise, tauni ya pafupi ndi Paris, n'kumajambula mizere ya kabichi, alimi ndi mitengo ya zipatso, moti olemba m'nyuzipepala ena ankamuseka nazo. Komatu ndi iye yekha amene anaonetsa zithunzi pa zionetsero zonse 8 za gululi, kuyambira 1874 mpaka 1886.

Ku Musée d'Orsay, nyumba yosungira zojambula ya ku Paris, kuli chithunzi chake cha mu 1877 choonetsa dimba ndi mitengo yochita maluwa ku Pontoise. Mukachiyandikira simuona duwa kapena tsamba ayi, mumangoona timadontho ndi timizere tifupitifupi ta penti, tina toyera, tina tabuluu, tina tachikasu, titasanjikizana. Mukabwerera m'mbuyo masitepe atatu, mtengo uja umatulukira. Wosakaniza mitunduyo ndi diso lanu, osati burashi.

Luso lalikulu lagona pa mthunzi. Wophunzira akafuna kudetsa kunsi kwa tsamba amathamangira penti wakuda, ndipo dimba lonse limaoneka ngati lapsa ndi moto. Panja, malo amene dzuwa silikufika amawalitsidwa ndi thambo, choncho mthunzi umapendekera ku buluu kapena pepo. Tsamba la kabichi nalonso si lobiriwira paliponse. Pamwamba pake pali phula lotuwa lomwe limabweza kuwala kwa thambo, ndiye pamafunika woyera wothira buluu pang'ono. M'mphepete momwe dzuwa likudutsa mumafuna chikasu.

Mu 1839 katswiri wa sayansi Michel-Eugène Chevreul anafotokoza kuti mitundu yotsutsana, monga wofiira ndi wobiriwira, imawalitsana ikayandikana. Ndiye chifukwa chake dothi lofiirira pakati pa mizere limadzutsa masamba. Koma mitundu yomweyo mukaisakaniza pathabwa losakanizira penti, kapena kupakapaka malo amodzi penti asanaume, mumapeza matope. Ikani dontho, pukutani burashi, ikani lina pambali pake, musabwererenso.

Nthawi nayo ndi yothina. Pakatha maola awiri mthunzi umakhala utasuntha, ndipo amene amaulondola tsiku lonse amatulutsa chithunzi cha madzuwa awiri. Ndi bwino kusiya n'kudzabwera mawa lake nthawi yomweyo. Poyamba phimbani nsalu yonse, thambo, mitengo ndi nthaka limodzi, osamaliza kabichi mmodzi kwina kudakali mbee. Kugwira ntchito panja chonchi kunaphweka chifukwa cha penti wa m'machubu, amene John Goffe Rand anatulukira mu 1841.

Zina zimaonongeka pakapita zaka. Penti woyamba azikhala wopyapyala, wosungunula ndi mankhwala otchedwa tapentaini, ndipo wokhuthala ndi wamafuta azibwera pamwamba. Mukatembenuza, wapamwamba amauma msanga wapansi adakali wofewa, chithunzi n'kuchita ming'alu. Chikasu chotchedwa chrome chomwe ojambula ankagwiritsa ntchito nthawi ya Pissarro chimada pakapita nthawi, ndipo vanishi amasanduka wachikasu n'kupha buluu wa mumthunzi uja. Pissarro sankamufuna vanishi pa zithunzi zake, ndipo zina ankaziika m'mafelemu oyera m'malo mwa agolide omwe anali m'fasho.